Mkamwini Angamenye Apongozi M'maganizo?

M'mudzi wina womwe chikwangwani chake chinadyedwa ndi chiswe, munamveka phokoso lachilendo usiku wa Lachisanu: phu, phu, phu, kenako dii, patapita kanthawi diinso. Ena anati ndi afiti akusinja. Palibe anatuluka, paja m'mudzimu kulimba mtima kumayamba dzuwa likatuluka.

Koma ndiyambe ndi poyambira, aphunzitsi amati nkhani izikhala ndi mutu.

Mudziwu unali ndi akatswiri awiri a nkhonya, onse a sikelo yapakati, kutanthauza osanenepa kwambiri komanso osaonda kwambiri. Woyamba anali a Chikakwiya, omwe ankagwetsa anthu makolo athu asanabadwe, ndipo pano amatafuna ndi nkhama. Wachiwiri anali Yotamu, yemwe wabwera ndi lamba wa ukatswiri kuchokera kutauni chaka chomwe chino. Vuto linali loti Yotamu anakwatira Esinta, chitsirizira wa a Chikakwiya, ndipo ankakhala chikamwini pakhomo pawo, kulimanso munda wawo.

Holo yatsopano itamangidwa, panafunika dzina la katswiri mmodzi pakhoma. Poti mutu umodzi susenza denga, anakhazikitsa Komiti Yaikulu Yoona za Ndewu Zomwe Sizinachitike, wapampando wake a Jailosi ogulitsa makala. Funso linali ili: a Chikakwiya a nthawi ija atakumana ndi Yotamu wa lero, angagwe ndani? Achikulire anati nkhonya zakale zinali ndi mgaiwa mkati. Achinyamata anati akale ankangozunguza manja ngati akuthamangitsa njuchi.

Komiti itatopa, inagamula kuti Yotamu ayankhe yekha pabwalo Loweruka. Mnyamatayu anasiya kudya. Akanena kuti angapambane, ndiye kuti mkamwini wamenya apongozi, anyamule mphasa yake azipita kwawo, Esinta atsale. Akanena kuti angagonje, anzake amulanda lamba.

Membala wina anayesa kumuthandiza. Anati m'ndewu ya m'maganizoyo Esinta ndi wosabadwa, choncho chipongozi palibe. Ine ndinaona ngati zomveka, koma a Jailosi anagogoda tebulo.

"Apongozi ndi apongozi, ngakhale m'maloto."

Loweruka bwalo linadzaza. A Chikakwiya anafika atamanga chitenje kumutu, akutsimphina. Pambuyo pawo, motalikirana mwaulemu, pankabwera Yotamu, mlomo utatupa ngati mandasi. Anthu anakumbukira phokoso lija, n'kuyamba kunong'onezana kuti ndewu yachitika Komiti isanavomereze. Esinta anagwira mutu.

"Yotamu," anatero a Jailosi, "wawamenya bambo awa?"

Apa m'pamene anaimirira a Nankhoma, akazi a a Chikakwiya, omwe sanali m'komiti iliyonse. Anafotokoza kuti usiku uja madalawo anawabera thumba la madeya n'kulipachika mumtengo wa mango, ati aone ngati dzanja likukumbukirabe. Thumba linalandira nkhonya zingapo mwakachetechete, kenako linabwerera n'kuwakhazika pansi. Ameneyo ndiye dii woyamba. Mkamwini anathamanga kukawadzutsa, koma poti mwana woleredwa bwino sayang'ana apongozi ali chagada, anafika maso ali pansi. Thumba linali likadali paulendo, ndipo linamupeza pamlomo.

A Jailosi, pofuna kuteteza ulemu wa Komiti, anafunsa ngati thumbalo lili m'gulu loyenera. Analitengera pasikelo ya kuchigayo, ndipo linapezeka losalemera kwambiri komanso losapepuka kwambiri. Esinta anatulutsa mpweya, n'kupita kukafunditsa madzi othowera amuna awiri.

A Jailosi anayamba kulengeza komiti ina yoona kalembedwe ka dzina la katswiri watsopanoyu, koma a Nankhoma anali atasenza kale thumba lawo.

"Dzinalo lembani msanga, a Jailosi. Katswiri wanuyu nkhumba zikumudikira."