Chimbalangondo Changa ndi Nthawi ya Amalawi

Lolemba, 9 Marichi
Andipatsa mphindi khumi pa msonkhano wa Amalawi a ku Leeds Loweruka lino. Mutu: kusintha kwa nyengo. A Dokotala Msiska, amene tinayamba limodzi yunivesite iwo n'kumaliza, apatsidwa makumi awiri. Akawerenge mapepala awo. Ine ndikaonetsa zooneka ndi maso, anthu aleke kunditchula "achimwene oyankha mafoni aja".

Lachiwiri, 10 Marichi
Ndagula:
beseni,
chidole cha chimbalangondo choyera,
katumbu wa m'nyanja wapulasitiki.
Phunziro lake: chimbalangondo chimadikirira pa bowo la ayezi mpaka katumbu atulutse mphuno kuti apume. Ayezi akasungunuka msanga, m'madzi sichingamugwire. Njala basi! Izi ndikuzidziwa popanda gauni.

Lachitatu, 11 Marichi
Nyanja yanga ya m'beseni yaundana mufiriji. Bowo ndaboola ndi supuni yotentha. Luso!

Lachinayi, 12 Marichi
Mayi Gondwe, eni nyumba, atulutsa nyanja kuti asungemo nyama ya mbuzi ya msonkhano wa Loweruka. "Bambo, madzi atha kumpopi?" Uthenga wa a tcheyamani: mphindi zanga tsopano ndi zisanu, kuli kwaya.

Lachisanu, 13 Marichi
Ndayambiranso m'kontena ya ayisikirimu. Nyanja yachepa, mchira wa katumbu uli panja.

Loweruka, 14 Marichi
Pulogalamu ikuti 2 koloko, ndipo ine chitsiru ndafikadi 2 koloko. Muholo muli ine, mipando ndi hita yotenthetsa chipinda. 4 koloko, anthu asanu. 5 koloko, pemphero. Kenako a tcheyamani akulonjera aliyense ndi madigiri ake, mmodzimmodzi, osadumpha ndi dipuloma yomwe. Ndikudikirira ngati chimbalangondo pa bowo, nyanja yanga ikusungunuka. Kachidutswa ka ayezi kotsala, amayi ena akukaponya m'ndowa ya zakumwa: "Mwatiganizira, achimwene!"
7 koloko, dzina langa. Ndikuimirira kutsogolo ndi kontena: chimbalangondo chamira chagada, katumbu akuyandama mwamtendere. Ndisanatsegule pakamwa, a Dokotala akuloza ali pampando: "Mwaona? Ndi zomwe ndimanena zija." Holo yonse m'manja. Kwa iwo!

Lamulungu, 15 Marichi
Chithunzi chafika pagulu lathu la pafoni: "A Dokotala Msiska ndi owanyamulira zipangizo." Mayi Gondwe akufuna kontena yawo. Chimbalangondo chikuuma pa hita, ubweya utagwirana. Dzulo tonse awiri tinadikirira tsiku lathunthu osagwira kanthu. Mbuzi nayo inatha ine ndili kutsogolo.