Muzu wa Wansembe Tinauviika

Ntchito ya ukhukhi inandipulumuka ndisanaiyambe n'komwe, ndipo mpaka lero sindikudziwa chimene ndinalakwa.

Nditasiya sukulu (musandifunse chifukwa), amalume anandiperekeza kwa wansembe wina wa ku Polandi amene ankafuna wophika. Wansembeyo anati ayambe wandiyesa. Kwawo, akuti, pa Pasaka amadyera nyama ndi muzu wina wopala, wosakaniza ndi mkaka ndi viniga. Muzuwo kuno kulibe, koma wa chamwamba umafanana nawo. Anandipatsa viniga ndi mkaka wa m'chitini (ng'ombe mungaione kuti ku Feira, ndi kashembe uja, ntchentche yopha ziweto?) nati ndikakonzere kunyumba. Zikakoma, ntchito ndi yanga.

Chamwamba ife timadya masamba. Muzu wa chiyani? Ndinakumbabe, n'kuupala pa chitini choboola ndi msomali, n'kulawako pang'ono. Moto unakwera m'mphuno mpaka paliwombo. Misozi, mamina, kuyetsemula ngati mbuzi.

Amayi anandilanda mbale. Anati chakudya choliza munthu ndi chiphe, ndipo mwana wawo sangakamangidwe ku boma chifukwa chopha wansembe m'sabata loyera. Njira inali imodzi, ija timachitira chinangwa chowawa. Tinauviika mumtsuko, kutaya madzi, kuviikanso. Nditalawa unkalumabe, ndiye tinauwiritsa. Mlongo wanga anati mkaka wokha ndi umphawi, nathiramo nsinjiro. Viniga ndinausiya ndekha. Ndani amathira zowawasa mumkaka wabwinobwino?

Kunena zoona, zinakoma. Ndinanyadira.

Tsiku la Pasaka wansembe anakhala patebulo atakonzeratu kansalu kopukutira m'maso. Anatapa supuni, anatsinzina, n'kudikira. Anadikirabe. Kenaka anandiyang'ana.

“Iwe, moto wake uli kuti?”

“Tinauchotsa, Abambo. Idyani mosaopa, simulira.”

“Ndadikira chaka chonse kuti ndilire,” anatero motsitsa mawu.

Ndinafunsa ngati kwawo kwagwa maliro. Anapinda kansalu kaja bwinobwino n'kukabweza m'thumba, ndipo ine ndinangoima pamenepo ndi mbale yanga.

Ntchito anaipereka kwa mnyamata wa ku Kavalamanja amene amangopala muzu n'kupereka uli waukali choncho, osauviika ngakhale pang'ono. Ulesi weniweni, koma ndiye wavala yunifolomu. Ine ndili kudoko, ndikusenza mitolo ya nsomba zouma za ku Zumbo.

Amayi mpaka lero amauza anthu kutchalitchi kuti anapulumutsa moyo wa wansembe.