Malole Amene Ndinawerenga ku Luchenza

Mpaka lero akazi anga akamva mawu oti "masheya" pa wailesi amakweza voliyumu dala, n'kumandiyang'ana. Bola ndikuuzeni ndekha nkhaniyi musanaimve kwa iwo.

Nthawi imeneyo ndinali kalaliki pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Alamu anga, a Makwinja, ankagwira ntchito ku Blantyre mu ofesi yosunga ndalama za penshoni, kuphatikizapo zathu za pa esiteti. Ntchito yawo inali yosankha makampani oti agulemo masheya ndi ndalama zathuzo. Ine anthu amenewa ndinkawanyoza kwabasi. Munthu wa tayi, wongokhala pa fani tsiku lonse, tsamba la tiyi sanalithyolepo, angadziwe chiyani za bizinesi? Chaka chikatha amakutumizira kapepala ka phindu losakwana kugula tayala la njinga, iwo mimba zikungokula.

Tsiku lina a Makwinja atabwera kudzaona mlongo wawo, ndinawafunsa za kakampani kena ka kufupi ndi Luchenza, kosoka matumba opakiramo tiyi, kamene aliyense ankaloledwa kugula masheya ake.

"Alamu, kameneko kasiyeni," anatero akupukuta magalasi. "Malipoti awo sakutisangalatsa."

"Malipoti! Inu mumawerenga mapepala, ine ndimaona ndi maso. Ndimakhala konkuno."

Basi ndinayamba kafukufuku wanga. Loweruka lililonse ndinkapalasa njinga mpaka pa geti ya kampaniyo, n'kukhala pa benchi ya mayi ena ogulitsa nthochi, kabuku m'manja, kuwerenga malole otuluka. (Ndinagula ndi bolopeni yofiira yomwe, kuti ntchito ioneke ya ukatswiri.) Sabata yoyamba anatuluka awiri. Yachiwiri asanu. Yachitatu ndinachita kusiya kulemba: malole ondondozana, okutidwa ndi matenti, akuyenda mokwawa chifukwa cha kulemera. Ndinati bizinesi ndi imeneyi, a ku Blantyre akugona!

Mayi a nthochi aja anandifunsa, "Bambo, koma mukudziwa chimene chili m'malolemo?"

Ndinawauza kuti za msika wa masheya n'zovuta kufotokozera munthu aliyense. Anangoti "Chabwino, bambo," n'kupitiriza kuingitsa ntchentche.

Vuto linali ndalama. Akazi anga anali ndi ng'ombe imodzi ya mkaka imene anaigula ku Bvumbwe atavutika zaka zambiri. Ndinawanyengerera sabata yathunthu. Ndinawalonjeza ng'ombe zitatu, khola la malata, ndi wantchito wozidulira udzu. (Pa khola la malata m'pamene anagonjera.) Ng'ombe inapita, ine n'kuvala jekete, ulendo wa ku Blantyre pa minibasi.

Ku ofesi yogulitsa masheya, bambo amene anandilandira anandifunsa kawiri dzina la kampaniyo.

"Ndalama zonsezi? Mwabwera nthawi yabwino zedi. Pali ena akufunitsitsa kugulitsa awo."

Ine ndinaseka chamumtima: opusa ndani amenewo?

Patangotha mwezi ndinapalasanso njinga kukaona chuma changa. Ndinapeza geti ili ndi loko wamkulu, pabwalo pali zii, mbuzi ikudya maluwa a pa ofesi. Mayi aja anali akulongedza nthochi zawo.

"Malole aja ankasamutsa makina, bambo. Anagulitsidwa onse. Antchito ankandiuza tsiku ndi tsiku pomagula nthochi. Pajatu ndinakufunsani."

Ndinabwerera ndikukankha njinga. Zimene zinayankhulidwa kunyumba tsiku limenelo sindilemba, zambiri zinali m'Chilomwe.

Koma chondipweteka kwambiri chinadza pa Khirisimasi, alamu aja atabwera. Akazi anga anali asanawauze, ndiye iwo ankangocheza mosadziwa kanthu.

"Kakampani kanu kaja kanatsala pang'ono kutipweteka," anatero. "Tinali ndi masheya otsala amene tinasowa wogula miyezi yambiri. Kenako tinangomva kuti kwabwera bambo wina wa ku Thyolo, wa jekete, watenga onse. Ku ofesi tinaomba m'manja."

Akazi anga anaika kapu pansi pang'onopang'ono. A Makwinja anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana ine, kenako anasuzumira pa windo kuona khola lopanda kanthu.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "ndiye kuti penshoni yanu mwaipulumutsa nokha."

Pepala la masheya lija ndikadali nalo mu sutikesi. Ndipo musaganize kuti ndinasintha maganizo. Anthu a m'maofesi aja sadziwa kanthu ngakhale pang'ono. Amangokhala ndi mwayi wokumana ndi anthu ngati ine.