A Tcheke ndi Rileyi Nambala Eyiti

Alamu anga a Tcheke anatha zaka khumi ndi ziwiri osakhudza swichi ndi chala. Musandiyang'ane choncho, ndikunena zoona! Munthu anagwira ntchito ya magetsi moyo wake wonse, koma atapuma ankati, "Chalachi chinapuma nane limodzi." Babu, wailesi, fani, ketulo, zonse ankayatsa ndi chikompyuta chakalekale chimene chinkakhala pabalaza. Kuchokera pamenepo chingwe cha USB chinkapita pa kabodi kokhala ndi marileyi asanu ndi atatu, timaswichi tabuluu totsegula ndi kutseka magetsi kompyuta ikalamula. Kalikonse kakagwira ntchito kankalira kuti tcheke! Dzina lawo linachokera pomwepo, moti la ubatizo ngakhale mlongo wanga, mkazi wawo, ankachita kuliganizira.

Tsiku lina anandikokera ku shopu ya zamagetsi kukagula kabodi kena. Wogulitsa anatulutsa kakang'ono konyezimira.

"Aka ndi kamakono, bambo. Sikalira ngakhale pang'ono."

"Sikalira? Bwezerani komwe mwakatenga. Chinthu chogwira ntchito mwakachetechete ndi mfiti."

Anayesa timabodi tonse pa kompyuta ya wogulitsayo, khutu atagunditsa, maso atatsinzina, ngati mayi wosankha chivwende. "Aka kali ndi chimfine. Aka kakulira mwamanyazi. Ehe, aka ndiye kanaleredwa bwino!" Kenako n'kumawerenga tizilembo ta mphamvu yake, chifukwa ketulo inali itawasungunulirapo rileyi yofooka. Nyumba inanunkha pulasitiki wopserera sabata yathunthu, iwo n'kumauza alendo kuti ndi fungo la maphunziro.

Ine ndiye anandizunza nazo. Chimbudzi chawo chilibe windo, ndipo babu la mmenemo analipatsa mphindi zisanu zokha. Ndili mkati, nyuzipepala ili m'manja, ndinangomva tcheke! Mdima bii.

"Alamu!"

"Nthawi yakwana, alamu. Zotsalazo mukamalizire kwanu."

Koma pa rileyi nambala eyiti panalibe waya uliwonse. Inkangolira yokha, osayatsa kanthu. Nditawafunsa anati, "Imeneyo ndi ya madamu."

Mlongo wanga shuga inamudya maso, amangoona zithunzithunzi. Mwana wawo, amene amakhala kutali, ankangonena zomutenga, koma mlongo wangayo analumbira kuti m'nyumba imeneyo adzatuluka ali m'bokosi. Tsono eyiti ikalira katatu, inali nthawi ya mankhwala. Kawiri, chakudya. Kamodzi, kuanula zovala ndi kutseka mawindo. Wotchi samaiona, koma khutu lake ndi lakuthwa ngati la mphaka.

"Bwanji osangomuuza ndi pakamwa?" ndinatero.

"Pakamwa pamatha, alamu. Ine ndikadzachoka, kameneka kazidzamuuza."

Ndinaseka. Mpaka lero zimandiwawa kuti ndinaseka.

Alamu anatisiya mvula itangoyamba. Tsiku la maliro, abusa ali mkati molalikira, wailesi inangodziyatsa yokha, nyimbo yovina ili pakamwa. Amayi awiri anathawa kusiya nsapato. Mlongo wanga anaseka misozi ili mbwembwembwe, nati, "Asiyeni, nthawi yawo ya wailesi yakwana."

Kwa miyezi inayi nyumba inayenda ngati mwini wake ali kuseri. Kenako mphezi inapsereza kabodi. Mwana wawo anabweretsa kamakono kaja, kolamulidwa ndi foni. Kanagwira ntchito bwino, sindinama: mababu ankayaka, fani inkazungulira. Koma nyumba inangoti zii. Mlongo wanga anayamba kusokoneza nthawi ya mankhwala, mpaka tsiku lina ndinamupeza atagwa m'khitchini.

"Malume, zakwana," anatero mwanayo pa foni. "Loweruka ndikubwera ndi galimoto."

Ndinamuuza mlongo wanga zimenezi. Anangokhala pa mpando wa amuna ake n'kumasisita nsalu yake.

Lachisanu ndinapita ku shopu kuja, ine munthu wosoka nsapato wosadziwa ngakhale kusintha fyuzi. Ndinagunditsa khutu pa kabodi koyamba, wogulitsa anangoti, "Aa, bambo, nanunso mwayamba?" Kachinayi kanalira bwino, ndipo mtima unandiuza kuti kanaleredwa.

Kumangirira ndiye kunali nkhondo. Pofunafuna sikuludiraiva m'dirowa ndinapeza kakope, pachikuto atalemba ndi dzanja lawo lija lopendekeka: "Za alamu anga, mbuli." Tsamba loyamba: "Zimitsani magetsi onse kaye, ndikukudziwani." Waya uliwonse anaujambula, mtundu wake ndi pomwe ulowe. Ndinawatukwana, ndinalira, ndinamanga.

Loweruka masana mwana uja anali atanyamula kale sutikesi ya mayi ake, ali pakhomo. Folo koloko inakwana. Tcheke, tcheke, tcheke.

Kuchipinda kunamveka mawu a mlongo wanga, aja okalipa amene tinali titawasowa. "Ndamva, bambo, ndamva! Musachite kukuwa." Anatuluka akupapasa khoma, anatsegula kabati, natenga botolo loyenera, namwa mankhwala. Kenako anatembenukira komwe kunali mwana wake. "Iwe, sutikesiyo ikutsekereza njira."

Mwanayo anayang'ana kabodiko. Kenako anabweza sutikesiyo kuchipinda.

Mlongo wanga adakali m'nyumba mwake. Ndimapitako tsiku lililonse, amati ndimakawona mawaya. Mababu amayaka pa nthawi yake, wailesi imadziyatsa, koma palibenso wotsutsana ndi owerenga nkhani, palibe wonunkhiza ketulo. Ndawasowa, anthuni, mwamuna wovuta uja ndamusowa. M'kakope muja analemba momwe ndingawonjezere mphindi za babu la kuchimbudzi, tsamba lomaliza, atatsindika kawiri. Sindinasinthe. Ndimalowa, ndimakhala, ndimadikira. Tcheke! Mdima bii.

"Alamu!" ndimakuwa.

Ndipo ndimakhalabe mumdimamo pang'ono, kumvetsera.