Dzino la Tadala ndi Khwangwala wa pa Soche

Amene akuti ndikunama aimirire pompano andiyang'ane m'kamwa muno! Musaseke magweruwa, anyamata inu, siyani kaye bawoyo. Ine Zuze, mwana wa ku Nsanje, mano anga ali onse ndinkatsegula mabotolo awiri nthawi imodzi, ndipo tsiku lina minibasi itafera pachitunda kuno ku Zingwangwa ndinailuma bampala n'kuikoka mpaka pasiteji, kondakitala akuitanirabe anthu. Mukumva?

Tsono mdzukulu wanga Tadala ali sitandade wani, dzino lake linabooka ndi maswiti. Mayi ake akuti, "Bambo, kamuperekezeni kwa adokotala a mano kuseri kwa msika." Mtima wanga unakana. Munthu wanji wofuna kusuzumira m'kamwa mwa anzake kawiri pachaka, ngakhale pasakupweteka? Nanga mano amene amazulawo amapita kuti? Kwathu dzino la mwana timaponya padenga kuti khwangwala atenge lakale, abweretse latsopano. Likatsala m'manja mwa mlendo, mwanayo akalamba ndi gweru. Ndinachita mantha, sindibisa.

Titalowa ndinapeza kuti adokotalawo ndi mayi, atavala mpango kumutu, pakamwa ataphimba ndi kansalu. Mwaona? Mano ake akubisa, a anzake akuwafuna! Ndinati, "Mwanayu simumugwira. Yambani ndi ine, ndione ntchito yanu."

Anandigoneka pampando, kundiwalitsa nyali kumaso ngati wakuba, n'kunena kuti la kumapeto laola. Jakisoni wa dzanzi anapindika pausinini wanga, wachiwiri anathawa yekha, ndiye anangogwira chozulira n'kukoka, namwino n'kugwira adokotala m'chiuno, mlonda n'kugwira namwino, amayi a tomato n'kusiya malonda kudzalowa pamzere, mpaka anamanga chingwe kulole ya mchenga, loleyo n'kulira magetsi n'kuthima Blantyre yense, ndipo dzino litatuluka muzu wake unadutsa pakhomo, kudutsa msika, kumapeto kwake kuli matope a mu Shire ndi mlamba wamoyo ukuphiriphitha. Mlambawo tinadya Lamulungu. Mariya Woyera ndi mboni!

Ine osalira. Dzanja limene Tadala anandigwira lija, ndinkamulimbitsa mtima iyeyo.

La mwanayo linangoti phwi, n'kugwera m'kambale. Ndinalumpha ngati mphaka wa kumsika, kuliphamula lisanazizire. Adokotala akuti, "Agogo, tikanakukulungirani bwinobwino. Koma muzibwera naye tizimuona, inunso muzibwera. Mswachi m'mawa ndi madzulo." Mukumva kukoma kwa pakamwako? Munthu akakupatsa chinthu mosavuta chonchi, dziwa kuti waona china chachikulu. Anali atawerenga kale otsala anga.

Nditatuluka ndinaliponya dzinolo, linapitirira denga la chipatalacho, kupitirira madenga onse a Zingwangwa, khwangwala wa paphiri la Soche n'kuliwakha m'malere, kundigwedezera mutu, ulendo. Mwezi usanathe dzino latsopano linamera, loyera ngati mpunga.

Lero Tadala ndi namwali, mano ali mbee, palibe lobooka. Iye amati n'chifukwa sanaphonyeko kwa adokotala aja. Ana a masiku ano kusayamika! Anaponya dzino ndani?

Ine sindinapondekonso, sindine wopusa. Langa lija ndinaliponyanso padenga, ndi ena onse amene akhala akugwa okha kuchokera nthawi imeneyo, limodzilimodzi, mpaka malata a nyumba yanga analemera. Khwangwala uja sanabweze ngakhale limodzi. Ndikamuona amayang'ana kumbali. Ndikukuuzani, mbalame imeneyo ndi adokotala aja amadyera mbale imodzi.

Iwe, chimanga chootchacho pititsa uko, ndipatse nthochi. Loweruka Tadala akubwera kudzanditenga, akuti akandiyeze mano oikirira. Ndipita, inde. Koma musaganize kuti ndagonja. Ndikukaona ngati si anga omwe aja.