Pulojekita Yogwira Ndiwo

Anzanga, inu mukandiona ndikudutsa pa Chipyela chikwama cha laputopu chili paphewa mumati uyu ndi munthu wodziwa zinthu. Nanenso ndinkadziona choncho, mpaka tsiku limene ndinasonkhanitsa amayi a ku Mbungo m'kalasi mwanga popanda kutuma mthenga.

Kwathu ndi ku Ntchisi, kumapiri, ndipo ku Likoma kuno ananditumiza kudzaphunzitsa m'chilimwe. Popeza ndinachitako kamaphunziro ka makompyuta kumtunda, ahedi anandipatsa aphunzitsi atatu ochokera ku koleji, odzayeserera ntchito, kuti ndiwaphunzitse kugwiritsa ntchito makina m'kalasi. Tiyamike ndi Mphatso anali akumtunda ngati ine. Barnaba anali wa pachilumba pompano, munthu waulemu wake, wolankhula ngati akuopa kudzutsa khanda.

Ndiye kunabwera pulojekita, makina oonetsera kanema pakhoma, imodzi yokha ya masukulu a dera lathu. A Mhango, mlangizi wa maphunziro, ananeneratu kuti idzakhala pasukulu imene ionetse kuti ikutha kuigwiritsa ntchito, apo ayi ipita kwina. Ine pakamwa panga simupadziwa inu? Ndinalonjeza ahedi, ndinalonjeza ana, ndinalonjeza ngakhale Amayi Esinala ophika phala pasukulu, kuti makinawo sachoka pano ine ndili moyo.

Amayi Esinalawa tinali nako kankhani kathu. Kangapo anandibweretsera nkhungu, chibumu chakuda chokulunga m'masamba, amati ndilaweko ndiwo za kuno. Ine ndinkamva kuti ndi tizilombo touluka ta panyanja, koma tamoyo ndinali ndisanationepo, ndipo ndinkangoyankha mokweza mphuno kuti ine udzudzu sindidya.

Tsiku la chionetsero linafika mvula itayamba. Phunziro linali la tizilombo touluka, Sitandade 6, kanema wake ndinachita kumukopera nditakwera pamwala pomwe netiweki imagwira. Ndinatenga nsalu yoyera ya pabedi panga n'kuipachika pabolodi, m'mawindo monse tinatseka ndi mabulangete kuti mukhale mdima. Ine mwini ndinatchena, nkhope ndinadzola mafuta mpaka kunyezimira, chifukwa mlendo wamkulu sumulandira uli mbuu.

Tikulumikiza zingwe, ndinasuzumira kunyanja n'kuona utsi wakuda utaima pamadzi cha ku Mozambiki. Ndinaitana ophunzira anga atatu a ku koleji aja n'kuwauza kuti aone bwino, amenewo ndiwo makina achikale, boti kufuka utsi ngati akuotcha makala, pamene athuwa ndi a batire ya sola, opanda utsi. Barnaba anayamba, “Madamu, ujatu si...” Ndinamudula pomwepo. Ndinati mafunso ndi kumapeto, ndipo ndinaonjezera lamulo: mphunzitsi akamagwiritsa ntchito makina sadulidwa mawu, ndipo china chikavuta saonetsa mantha pamaso pa ana. Mnyamata wa ulemu uja anatseka pakamwa.

A Mhango anafika, anakhala kumbuyo chipewa chili pabondo. Kanema anayamba bwinobwino, gulugufe wamkulu ngati nkhuku akukupiza mapiko pansalu yanga, ana ali kukamwa yasa. Mtima wanga unali m'malo, ndinkangoona pulojekita ili kale m'kabati mwathu.

Koma tangoganizani, ana odzaza kalasi, malata pamwamba, mabulangete m'mawindo, dzuwa la m'dzinja. Posakhalitsa thukuta linali kamukamu, a Mhango akudzikupiza ndi chipewa. Ndinaopa kuti mlendo akomoka, ndiye ndinanong'oneza Tiyamike kuti achotse bulangete pawindo la kunyanja ndi kutsegula. Ana anayang'anizana. Barnaba anakweza dzanja, ine ndinamutong'olera maso, analitsitsa.

Kamphepo kanalowa kozizira bwino. Kenaka pansalu panayamba kuoneka timadontho takuda tikuvinavina pamwamba pa gulugufe. Kodi ine ndinachita mantha? Ayi ndithu, ndinaona mwayi wophunzitsa. Ndinatembenukira kwa ophunzira anga atatu aja n'kulankhula mokweza kuti a Mhango amve: “Mwaona? Chithunzi chikamachita chonchi, ndiye kuti chingwe sichinalowe bwino.” Ndinagwada pansi, kuzula chingwe, kuchiuzira, kuchibwezera. Madontho anachuluka. Ndinati mwina ndi kanemayo. Anachulukabe, mpaka gulugufe osaonekanso. Kenaka kunamveka kafungo ka chinthu chokazinga, ndipo mwana wina kutsogolo anameza malovu momveka.

Ndinaimirira pakati pa kuwala kuja kuti ndifotokoze, ndinakoka mpweya wambiri monga mphunzitsi wa mawu amphamvu, n'kutsegula pakamwa. Abale inu! Mawu sanatuluke, m'malo mwake ndi zinthu zimene zinalowa, zodzaza m'kamwa, zina kummero, zina m'mphuno. Ndikutsokomola ndipamene ndinaona kuti utsi wa boti uja walowa m'kalasi kudzera pawindo, ndipo si utsi, ndi tizilombo tosawerengeka, tonse tikuthamangira kuwala kwa pulojekita, tina kafani kake kakutikokera m'kati n'kumatikazinga. Totsala tinapeza nkhope yanga ya mafuta n'kukakamira pomwepo.

Lamulo langa losaonetsa mantha ndinaliiwala. Ndinathamangira kukabati, ndinatenga chitini cha mankhwala opopera udzudzu, kuchikhutchumula, kuchikweza m'mwamba. Chala chisanakanikize, wina anandigwira dzanja mwamphamvu. Anali Amayi Esinala, lichero lonyowa lili kudzanja linalo, kumbuyo kwawo amayi ena a m'mudzi ndi malichero ndi mapoto, omwe anali kutsatira mtambo uja kuchokera kugombe n'kuuona ukuthera pawindo langa.

“Madamu,” anatero modekha, “mukufuna kutithirira mankhwala m'ndiwo?”

Sanadikire yankho. Amayi analowa, malichero ali m'mwamba uku ndi uko, chifukwa nkhungu amazigwira choncho, zimakakamira pa chonyowa. Ana anatulutsa mbale zawo za phala, kuzinyowetsa, nawonso yakaliyakali. Ndinayang'ana kumbuyo kuti ndipepese kwa a Mhango, n'kupeza bambo wamkulu ataimirira, akuzunguza chipewa m'mwamba mwaluso lake. Kani kwawo ndi kunyanja komweko.

Pomwepo pulojekita inalira kamodzi n'kuzima yokha. Apa ndiye mtima unandiwawa zenizeni, osati zoseka. Ndinakhala pa desiki misozi ili lengelenge, ndikuganiza za ana amene ndinawalonjeza, kuti makina aja ndawapha ndi manja anga tsiku loyamba. Amayi Esinala anabwera kudzanditonthoza, koma kutonthoza kwake kunali kondipala nkhope ndi chala n'kumagwetsera m'lichero, amvekere apa pokha pakwana mwana mmodzi.

Tiyamike ndi amene anakumbukira zimene ndinawaphunzitsa ine mwini, kuti makinawo akatentha kwambiri amazima okha, ofunika kuwadikira azizire. Anatseka windo lija, iye ndi Mphatso anafuna nthenga ya nkhuku n'kuyamba kusesa m'timabowo ta fani, mukutuluka nkhungu zokazinga kale. Atayatsa, inayaka. Ndinatsala pang'ono kuvina.

Barnaba anakwezanso dzanja, kufunsa ngati tsopano yakwana nthawi ya mafunso. Ndinangogwedeza mutu. Anatola kachilombo kamodzi, anakajambula pafupi ndi foni yake, n'kulumikiza foniyo monga ndinawaonetsera. Pansalu panatulukira nkhungu imodzi yaikulu ngati tambala, mapiko oonekera, miyendo yayitali yoonda. Malichero onse anatsika. Amayi amene adya nkhungu chibadwire anali asanaionepo nkhope yake, ndipo Amayi Esinala anayandikira mpaka mthunzi wawo kuphimba nsalu, ana n'kumawapempha kuti asunthe. Ana anawerenga miyendo, anatchula ziwalo, amayi anafotokoza nyengo imene zimatuluka, phunziro la tizilombo touluka linayenda lokha ine ndili pa desiki ndikutokosa m'mano.

Potsanzika, a Mhango anagwedeza chipewa chawo m'lichero la Amayi Esinala kuti ndiwo zisapite pachabe. Anati ayenda m'masukulu ambiri, koma sanaonepo makolo akuthamangira phunziro osaitanidwa, ndipo aphunzitsi atatuwa akuoneka kuti makinawo akuwadziwa. Pulojekita ikhala. Ine anangondilozera kuti kukhutu kwatsala zina.

M'mawa mwake ndinapeza Amayi Esinala akundidikira pakhomo la kalasi ndi chibumu chakuda m'masamba, amati ndi gawo la mwini nyali. Ndinayamba kukana kwanga kuja, kuti ine paja sindidya. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Dzulo munadya zaziwisi pamaso pa mlendo. Zophikazi zikuvutani chiyani?”

Ndinadya, anzanga, ndipo musakauze anthu a ku Ntchisi kuti ndinapemphanso zina. Koma ndinalumbira: ndikadzaonanso utsi panyanja sindidzaphunzitsa munthu za maboti, windo la kunyanja silitsegulidwa pulojekita ikuyaka, ndipo Barnaba akakweza dzanja ndimayamba ndatseka pakamwa panga. Chovuta chatsala chimodzi. Mtambo ukangoima pamadzi, amayi a ku Mbungo amatuma mwana kudzafunsa ngati lero kuli kanema.