Telefoni Yachiwiri ya Mzamba wa kwa Mwambo

Kwa Mwambo, Zomba
16 Febuluwale 1998

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Matelefoni ya Tilumikize

Wolemekezeka Bwana,

Ndikulemba kalatayi nditagwada, ngakhale mawondo anga sakondanso ntchito imeneyo. Ine ndine Sophia Pitala, mzamba wa kufupi ndi sikimu ya mpunga ya Likangala. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, ndiye mukapeza mawu opindika musandiseke. Sindikudandaula ayi. Ndabwera kudzathokoza.

Telefoni ili m'nyumba mwanga chilowereni 1994, ndipo ndi yokhayo m'midzi isanu. Koma kanyumba komwe amayi amachiriramo kali kutsidya kwa munda wa chinangwa, ndipo mzamba sasiya mayi ali pakati pa ntchito n'kuyamba kudumpha mizere. Choncho ndinapempha kuti mukoke waya, muike telefoni yachiwiri kumeneko yoitanira ambulansi. Munavomera patatha miyezi isanu ndi iwiri yokha. Mulungu akuonjezereni changu.

Choyamba, zikomo potitumizira a Bizweki, amisiri anu aulemu kwambiri. Anabwera pa njinga yamoto, anadutsitsa waya pa mtengo wa mango, anaika telefoni yobiriwira pakhoma, n'kudya mpunga ndi matemba. Anandilembera manambala anayi pa pepala la sopo, nati: "Mayi, iyi ndi nambala yachinsinsi. Muzidina kaye musanaimbe, kuti makina adziwe kuti ndinu." Kuyesa sanayese. Anati mvula ikubwera, msewu uterera.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha mayi amene munamuika m'kati mwa telefoniyo. Ndikadina manambala aja, amandiyankha mofatsa m'Chingerezi. Aphunzitsi a pasukulu yathu anandimasulira kuti akuti sakundidziwa. Ndabadwitsa ana oposa mazana atatu kuno, mpaka agalu amandidziwa, koma mayi wanuyo ayi. Ndasirira kusamala kwake.

Nditaimba ku ofesi kwanu ndi telefoni yoyamba ija, a Bizweki anati ndizule waya pakhoma, ndiwerenge mpaka khumi, ndibwezeretse. Ndinatero. Tsiku lina anati mwina 1 wawo ndikumuona ngati 7. Lina anati mwina 7 ndi 1. Sabata yachitatu anati matelefoni awiriwo akukanganirana ukulu, ndizimitse imodzi kuti inayo imve bwino. Nzeru zotere kuno sitinazionepo.

Chachitatu, ndikuthokoza chitetezo chanu, chomwe palibe anandiuza. Kani munthu akalakwitsa nambala katatu motsatizana, makina amatseka matelefoni onse awiri kuopa akuba. Ndinazidziwa Lachiwiri lapitali, dzuwa lili paliwombo. Mwajuma, mkazi wa msodzi wa kudooko, anali kwa ine ndi mimba yake yoyamba. Mwana anagona mopingasa, magazi anayamba. Ndinadina nambala ndi 1, inakana. Ndi 7, inakana. Ndinabwerezanso kachitatu, mayi wanu uja anakhala chete. Ndinathamangira kunyumba kudutsa m'chinangwa, ndipo nayonso yoyamba inali zii.

Tinamugoneka Mwajuma m'ngolo ya ng'ombe, ine nditamugwira mutu, mwamuna wake akumenya ng'ombe zopanda mlandu. Matope a mwezi uno mukuwadziwa, kapena munawamvapo pa wailesi. Tinafika kuchipatala patatha maola atatu. Mwajuma ali moyo. Mwana sanalire. Koma mtima wanu ukhale m'malo, Bwana: palibe wakuba amene anaimba telefoni yanu tsiku limenelo.

Chachinayi. Lachisanu ndinakwera matola kupita ku ofesi yanu ku Zomba kukapempha nambala yatsopano. Mtsikana wa pawindo anatsegula buku nati telefoniyo si yanga, ndi ya a Fanuelo Pitala, ndipo chinsinsi amapatsa mwini yekha. Ndinati a Fanuelo ndi amuna anga, anatisiya chaka chomwe nyanja ya Chilwa inauma. Ndinamuonetsa kalata ya kutchalitchi yotsimikiza imfa yawo. Anaiwerenga yonse, nati pepani, kenako anafotokoza kuti malamulo ndi osavuta: mwini wake aimbe yekha kuchokera pa telefoni yomweyo, atchule dzina lake ndi tsiku lobadwa. Nditamukumbutsa kuti telefoniyo ndi yotseka ndipo mwini wake ali kumanda, anati izo zikuposa udindo wake, ndilembere inu.

Ndiye ndalemba, Bwana, ndipo sindikupempha kuti muphwanye lamulo chifukwa cha nkhalamba. Pempho langa ndi laling'ono. Manda athu ali pafupi, kuseri kwa tchalitchi, ndipo mitengo yomangirira waya ilipo yambiri. Tumizani a Bizweki akoke waya wachitatu kufika pamutu pa a Fanuelo. Anali munthu womvera akuluakulu, sadzakana kuyankha. Ngati nayonso telefoni imeneyo idzafune nambala yachinsinsi, chonde mubwere nokha mudzawapatse pamanja. Malo pambali pawo alipo, ndipo amayi asanu ndi mmodzi amene akuyembekezera mwezi wa mawa ati adzakuperekezani ndi nyimbo.

Ine wanu wogonjera nthawi zonse,

Sophia Pitala
Mzamba, amene makina anu samudziwa